A Fanuwelo ndi Kachitini Koyera

Mwambi umene ndakuponyera uja, Lonjezo, unayamba motere, ndipo unayambira m'banja mwathu momwe muno. Usandiyang'ane choncho. Ndikudziwa kuti kusukulu anakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale, koma aphunzitsi akowo sanali ku Limbe tsiku limenelo, ine ndinaliko. Sendezani mipando nonse, ndipo mtedzawo musasiye kuswa. Nkhani imamveka ndi makutu, manja azigwira ntchito.

Malume anu a Fanuwelo Namakhwa, achimwene anga a bere limodzi, inu mwawadziwa atafatsa kale. Poyamba sanali otero. Anagwira ntchito zaka makumi awiri m'sitolo ya nsalu ya mmwenye wina ku Limbe, kuyeza ndi kudula, ndipo ntchito imeneyo ankaidziwadi. Vuto linali lakuti pochoka kumeneko anachoka ndi maganizo oti dziko lonse analiyeza kale ndi tepi yawo ija. Munthu ameneyu chibadwire sanafunsepo kanthu kwa munthu mnzake. Chaka china tikupita kumaliro a azakhali athu ku Thyolo tinayenda mpaka kukatulukira ku Luchenza, anthu ali mbwee m'mbali mwa msewu, ine ndikuchonderera kuti tiime tifunse, iwo akuti akudziwa njira yachidule. Tinafika anthu akuchokera kumanda.

Alamu anga atamwalira, achimwene anakhala okha zaka zisanu ndi chimodzi. Apa ndisaname, ankandimvetsa chisoni. Ndikapita kwawo ku Bangwe ndinkapeza mbale imodzi ndi kapu imodzi pathandala, wailesi ikulankhula yokha kuchipinda kuti nyumba imveke ngati muli anthu. Ndiye nditamva kuti ayamba kuperekeza Mayi Eneless Makwinja pochokera ku kwaya, ndinagwada pansi n'kuthokoza Mulungu. Mayi Makwinja anali amasiye nawonso, munthu wodekha, wosachulutsa mawu, koma maso awo sankaphonya kanthu. Achimwene anawakondadi mayiwa. Anagula nsapato zatsopano, ndevu za pamlomo zija anazipaka dayi, mpaka anayamba kufika kutchalitchi belu lisanalire.

Patatha miyezi inayi anatula nkhani. Musaganize kuti anafunsira ngati mmene amachitira anthu. Anangoima pageti pa mayiwo n'kunena kuti, "Mayi Makwinja, ndaona kuti ine ndi inu tikuyenera kukhala nyumba imodzi."

Mayiwo anawauza kuti mwana wawo wamkazi wa ku Mzuzu akuwaitana kuti akakhale naye, ndipo akuyenera kumuyankha mwezi usanathe. "Inunso ndidzakuyankhani Loweruka masana," anatero. "Tidzadye limodzi. Malo ndisankha ine, ndipo achemwali anu adzakhalepo."

Loweruka lija m'mawa ndikuchapa, ndinangoona Mayi Makwinja atulukira kuseri kwa nyumba ino. Anavundikira ndowa n'kukhalapo, ndipo anayamba kulankhula motsitsa mawu.

"Amake Lonjezo, achimwene anu ndi munthu wabwino. Samwa, sakalipa, pakhomo pawo amasesa okha. Koma miyezi inayi akundiperekeza, ine ndikudziwa dzina la galu wa abwana awo akale. Ndikudziwa mmene amasiyanitsira nsalu yosuluka ndi yosasuluka. Iwo sadziwa ngakhale kumene ndinkagwira ntchito ndisanapume. Sanandifunsepo kanthu, ngakhale kamodzi."

Ndinati ndiwaikire kumbuyo achimwene, koma mayiwo anakweza dzanja.

"Malemu amuna anga anali otero ndithu. Anadwala chaka chathunthu akumwa zimene ankadziwa okha, osafunsa dokotala, osafunsa ine. Ndinawaika m'manda. Sindikufuna kudzaikanso wina chifukwa cha matenda omwewo. Ndiye mverani. Lero akangondifunsa funso limodzi lokha, lililonse, ngakhale loti mchere uli kuti, ndivomera, ku Mzuzu sindipita. Akapanda kufunsa, ndikwera basi. Koma inu musawatsine khutu. Lonjezani."

Ndinalonjeza, ndipo mumtima ndinaseka. Funso limodzi ndi chiyani? Munthu akalowa malo achilendo amafunsa ngakhale kosambira m'manja. Ndinayamba kale kuganiza za nsalu yodzavala paukwati. Za ku Luchenza zija ndinali nditaiwala.

Malo amene mayiwo anasankha anali kalesitilanti kobisika m'kanjira kakuseri kwa masitolo, pakati pa telala ndi wogulitsa zitsulo. Eni ake anali banja lochokera ku Nepal, ndipo ankaphika zakwawo pamodzi ndi zachimwenye. Sanali malo a anthu a mataye ayi. Munali matebulo asanu ndi atatu, mipando yapulasitiki, ndi anthu wamba, madalaivala, anamwino, ena akudya ndi manja. Pakhomo anamangapo chingwe cha timbendera tamitundumitundu, kukhoma kunali chithunzi cha phiri loyera nsonga, ndipo fungo la adyo ndi jinja linkakulandira usanaponde m'kati. Achimwene okha ndiwo anabwera ndi suti ndi tayi, mu Okutobala, masana.

Anaima patsogolo pa chithunzi chija, manja kumbuyo. "Phiri la ku Bombay ili," anatiuza. "Abwana anga ankalikwera ali mwana."

Mwini malowo, Bambo Thapa, wamfupi wa imvi, anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Ataona Mayi Makwinja nkhope yake yonse inawala. Anaphatikiza manja pachifuwa n'kuwalankhula m'chilankhulo chakwawo, mayiwo n'kuyankha m'chilankhulo chomwecho, onse akuseka ngati pachibale. Ine ndinati basi zatheka, apa palibe amene angakhale osafunsa.

Ndinawagunda achimwene ndi chigongono. "Mwamva zimenezo? Simukudabwa?"

"Ndidabwe chiyani? Amwenye onse a mu Limbe amandidziwa. Akuwalemekeza chifukwa abwera ndi ine."

"Koma akuyankhatu m'chilankhulo chawo."

"Timawu ta moni aliyense amatola pamsewu."

"Eni malo ano si amwenye, Bambo Namakhwa," anatero Mayi Makwinja tikukhala pansi. "Ndi a ku Nepal."

"Eya, ndi boma limodzi la komweko," anayankha achimwene akukonza tayi.

Kenako anadzuka kuti akasambe m'manja. Sinki inali pakona, aliyense ankaiona kupatula iwo. Anadutsa pafupi ndi mayiwo, anadutsa Bambo Thapa, anatsegula chitseko china n'kulowa molimba mtima. Tinamva zidebe zikugwa. Anatuluka ufa uli paphewa, n'kutiuza kuti amafuna aone ngati anthuwa amasunga zinthu mwaukhondo.

Woperekera zakudya anali Che Amidu, bambo wachikulire amene anakhalitsa pamalopo. Anapereka moni kwa mayiwo mwaulemu wapadera, kenako anatigawira mapepala olembapo zakudya. Tsono achimwene magalasi awo anali atawasiya dala kunyumba kuti aoneke anyamata. Pepala lija analitalikitsa mpaka mkono unatha, analiyandikitsa mpaka linakhudza mphuno, koma zilembo zinakana. Munthu wanzeru akanangoti, mayi, palembedwa chiyani apa? Mawu anayi okha, ukwati n'kutheka. Iwo anagwetsa chala papepala mwamphamvu.

"Izi. Mbale zitatu."

Che Amidu anawerama n'kuyang'ana. "Bwana, pamenepo ndi nambala yathu ya foni."

"Ndikudziwa. Ndimafuna ndione ngati ntchito mukuidziwa. Tibweretsereni zimene amadya eni ake."

"Nanga tsabola? Timaika wochepa, wapakati, kapena wa eni ake."

"Ine ndinakulira kambuzi. Wa eni ake."

"Bwana, wa eni akeyo ngakhale eni ake ena amamuthawa."

"Ndanena."

Mayi Makwinja anamunong'oneza kanthu Che Amidu akuchoka. Pambuyo pake ndinazindikira kuti anapulumutsa ine ndi iwo eni, chifukwa mbale zathu ziwiri zinabwera ndi tsabola wochepa.

Tikudikira chakudya, achimwene anatsamira tebulo n'kuwayang'ana mayiwo m'maso. "Kodi, Mayi Makwinja..."

Ndinatchera khutu. Mayiwo anaika kapu pansi, ndipo ndinaona kuti nawonso akuyembekeza. Ankafunitsitsa kuvomera, ana inu, musaiwale zimenezo.

"Kodi mukudziwa chifukwa chake mpunga wa amwenye umakhala wautali? Simukudziwa. Imvani ndikuuzeni."

Ndipo anatiuzadi, mphindi khumi zathunthu. Ndinawayang'ana mayiwo mopempha kuti mwina aliwerengere limeneli, koma anapukusa mutu pang'onopang'ono. Munthu anali atadziyankha yekha.

Choyamba kubwera anali momo. Ndi timitanda ta ufa wa tirigu, m'kati muli nyama yogaya, topindidwa bwino pamwamba n'kuphikidwa ndi nthunzi, ndiye timaoneka toyera. Achimwene anati ndi masamusa amene aiwala kukazinga, ndipo anayamba kukweza dzanja kuti awabweze. Ataona mayiwo atenga kamodzi, asunsa mu msuzi wa tomato n'kuluma pang'ono, dzanja lija analitsitsira kumutu ngati amafuna kukanda. Anatenga kawo n'kukaponya konse m'kamwa. M'kati mwa momo mumakhala msuzi wotentha kwambiri, zimene aliyense m'chipindamo akanawauza. Misozi inalengeza m'maso, koma anameza.

"Amadya choncho kumeneko," anatero, mawu atasasa. "Kungoti mchere wachepa."

Apa ndiye ndinaona chimene mayiwo anachita. Kabotolo ka mchere ka patebulo pathu anali atakabisa kuseri kwa chikwama chawo, mutu wake wokha ukuonekera. Anali atawatchera njira yophweka kuposa zonse. Achimwene anayang'ana uku, anayang'ana uko. Ndinatsokomola, ndinaloza ndi maso mpaka maso anandiwawa. Iwo anadzuka, anapita patebulo la dalaivala wina amene ankadya yekha, anatenga mchere wake osanena ngakhale zikomo, n'kubwera nawo akumwetulira. Mayi Makwinja anatulutsa kabotolo kaja mwakachetechete n'kukabwezera pakati pa tebulo.

Kenako Che Amidu anabwera ndi thireyi yodzaza. Anatsitsa mpunga, mbale zitatu za nyama ya mbuzi, ndi buledi wawo wophwatalala wotchedwa nani, wotentha wochokera m'ng'anjo. Pakati pa tebulo anaikapo kambaula kachitsulo ka miyendo itatu, pamwamba pake n'kukhazikapo chipere chawo chachikasu chimene amati dalo. Pansi pa kambaulako anakankhiramo kachitini kakang'ono kozungulira. M'katimo munali chinthu choyera cholimba, pakati pali kachingwe kakafupi. Anapapasa m'thumba la malaya, anapapasa la thalauza, anatulutsa bokosi la machesi, analigwedeza, munalibe kanthu. "Ndikubwera," anatero, n'kulowera kukhitchini.

Achimwene machesiwo sanawaone, anali atabwereranso ku nkhani ya mpunga. Ine masiku amenewo kandulo imene ndinkaidziwa inali yaitali ija yoimika pasosala magetsi akazima, koma machesi aja ndinawaona, ndipo ndinayamba kukayika. Ndisananene kanthu, dzanja la achimwene linali litalowa kale pansi pa kambaula.

"Ehe. Ichi ndiye ndimachidikira. Uyu ndi gii, batala wa amwenye. Abwana anga sankadya popanda ameneyu."

"Munawaonapo akudya?" ndinafunsa ine.

"Fungo linkafika kusitolo."

"Nanga kachingweko?"

"N'kokokera. Anthu awa amaganiza patali."

"Achimwene, bwanji tiwafunse Mayi Makwinja?" Apa ndinali nditafika m'malire enieni a lonjezo langa.

"Achemwali, musawachititse manyazi. Mayi sanazolowere malo ngati ano."

Pakanakhala mthiko pafupi, sindikudziwa chimene ndikanachita nawo.

Anazula kachingwe kaja n'kukaika m'mphepete mwa mbale, kenako anayamba kupala ndi supuni. Chinthucho chinali cholimba, supuni imachita kuterereka. "Batala weniweni amalimba chonchi," anatiphunzitsa. "Wofewa wa m'masitolo uja amathira madzi." Zopalazo anaziwaza pa nani wotentha uja, ndipo tsoka lake zinasungunukadi, buledi n'kuyamba kunyezimira. Anatiyang'ana ngati munthu amene wawina mlandu.

"Bambo Namakhwa, chimenecho musadye," anatero Mayi Makwinja.

"Musaope mayi, mafuta awa sakweza BP."

"Si za BP ayi. Chimenecho ndi..."

"Mayi, zaka makumi awiri ndili ndi anthu amenewa. Zaka makumi awiri."

Mayiwo anapinda manja. Anandiuza pambuyo pake kuti ankadziwa kuti sichipha munthu, apo ayi akanawalanda.

Tsono ichi musakauze munthu. Achimwene ananyema chidutswa n'kundipatsa, ndipo ine, ndi kukayika kwanga konse kuja, ndinaluma. Ndi achimwene anga aakulu, ndinazolowera kuyambira ubwana kuti akanena anena. Mayi Makwinja anandiponda phazi pansi pa tebulo, ndipo ndinalavulira m'kampango mobisa. Sichinkakoma, sichinkawawa, chinkangokhala ngati ukutafuna patapata. Leka kuseka iwe, mtedza ukutayika.

Iwo anasunsa buledi uja mu nyama yawo ya tsabola wa eni ake n'kuyamba kutafuna. Kutafuna koyamba anagwedeza mutu moyamikira. Kwachiwiri anasiya kugwedeza. Kwachitatu tsabola anafika. Thukuta linatsika kuchokera padazi, dayi wa ndevu anayamba kuyenderera, ndipo anatambasula dzanja n'kugugudiza kapu yonse ya madzi ozizira a m'firiji. Chimene chinasungunuka ndi kutentha chinaumanso ndi kuzizira. Chinamata kumwamba kwa kamwa, chinalowa m'mipata ya mano, ndipo nsonga za ndevu zakuda zija zinayera.

"Zikukoma, achimwene?"

"Kwabasi," anatero, lilime likuvutika kutembenuka. Ndipo pofuna kutitsimikizira anapalanso, anawazanso, anadyanso. Anadya mpaka pansi pa kachitini panaoneka.

Che Amidu anabwera ndi machesi atsopano. Anawerama, anayatsa, analowetsa moto pansi pa kambaula, n'kuima. Anasuzumira. Anayang'ana pathireyi, anayang'ana pansi pa tebulo, mpaka moto unamutentha chala.

"Pepani, kandulo ndinaika apa ija yapita kuti? Ndi yotenthetsera chiperechi kuti chisazizire."

Kachitini kanali pambali pa mbale ya achimwene, supuni ili momwemo, kachingwe kali m'mphepete mwa mbale ngati munga wa nsomba. Che Amidu anakanyamula ndi zala ziwiri, anakayang'ana, kenako anayang'ana ndevu za achimwene. Bambo ameneyu ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa sanaseke. Anangoti, "Zaka zonse ndagwira muno, bwana, ndinu oyamba kuimaliza." Dalaivala wolandidwa mchere uja ndiye analephera kupirira, mpunga unamutulukira m'mphuno.

Mayi Makwinja anadzuka. Anakankha chitseko cha kukhitchini, chija cholembedwa kuti alendo asalowe, n'kulowa ngati m'nyumba mwawo. Tinawamva akulamula ophika. Anatuluka ndi tiyi wotentha wopanda mkaka, kabeseni, ndi kapu ya chambiko chawo chotsekemera chimene amati lasi.

"Tsukuluzani m'kamwa ndi tiyiyu, mulavulire umu. Phulalo lisungunuka. Mukatero mumwe ichi, chizimitsa tsabola."

Achimwene anamvera, koyamba tsiku limenelo. Mayiwo anatenga kansalu konyowa n'kuwapukuta ndevu ndi manja awo, mofatsa, pamaso pa anthu onse. Pamenepo ndinadziwa kuti mtima wawo unali usanatsekebe.

Mayiwo anakhala pansi n'kudikira. Ine ndinkapemphera chamumtima. Ndinati Ambuye, munthuyu wawaona mayiwa akulankhula chilankhulo cha eni, akulowa kukhitchini, akulamula ophika, tsegulani pakamwa pake kamodzi kokha. Achimwene ankangoyang'ana kachitini. Mpaka mayiwo anachita kuwatsegulira okha khomo.

"Bambo Namakhwa, palibe chimene mukufuna kudziwa?"

Achimwene anawayang'ana mayiwo. Ndikhulupirira ndithu kuti funso linakwera pakhosi mpaka kufika palilime. Kenako dalaivala uja anaphulikanso ndi phwete, ndipo achimwene anawongola tayi.

"Palibe, mayi. Ndimadziwa kuti ndi kandulo. Kumapiri kwawoko kumazizira, ndiye amadyako pang'ono kuti m'mimba mufunde."

Ndinafuna kulira, ndinafuna kuwagenda ndi kambaula, zonse nthawi imodzi. Mayi Makwinja anapinda kansalu kaja bwinobwino n'kukaika patebulo. Sanakweze mawu.

"Ndaphika m'khitchini umo zaka zisanu ndi zinayi, Bambo Namakhwa. Momo mwadyawo, amene wapinda ndinamuphunzitsa ndine. Timakandulo timeneti ndinkayatsa ndi manja angawa tsiku ndi tsiku. Ndinakubweretsani kuno kuti muone kumene ndinathera mphamvu zanga, mwina mufunse. Ndinu munthu wabwino, ndipo ndikanakonda. Koma yankho langa ndi lakuti Lachitatu ndikupita ku Mzuzu."

Achimwene anatsegula pakamwa, ndipo ndinaopa kuti anena kuti zimenezonso ankazidziwa. Anatsekanso pakamwapo. Mayiwo anatsanzikana ndi Bambo Thapa, anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kutuluka. Chipere chija chinazizira patebulo palibe anachilawa.

Lachitatu m'mawa ndinawaperekeza mayiwo kudepoti. Mpaka basi inayamba kusuntha mayiwo ankacheukira kugeti, ndipo ine ndinkanamizira kuti sindikuona. Achimwene anapitadi kudepotiko, ana inu. Anapita atavala suti yomwe ija, atanyamula nsalu yabwino kwambiri imene anasunga kuyambira masiku a kusitolo. Anafika thu koloko masana, chifukwa ankadziwa kuti basi ya ku Mzuzu imanyamuka masana. Inali itanyamuka seveni koloko m'mawa.

Panapita masabata atatu osawaona. Tsiku lina masana anatulukira, ndevu zitabwerera imvi, n'kukhala pakhonde pomwe wakhala iwepo, Lonjezo, chipewa chili pamaondo. Kenako anati, "Achemwali, kodi ndinalakwitsa pati?"

Zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, limenelo linali funso lawo loyamba. Mkwiyo ndi chisoni zinandigwira pamodzi, misozi n'kutsika ndikukalipa. Ndinawauza zonse, za ndowa anakhalira mayiwo m'mawa muja, za lonjezo langa, za kabotolo ka mchere kuseri kwa chikwama. Ndinati, "Funso ngati limeneli, limodzi lokha, masabata atatu apitawo, bwenzi lero wailesi ija mwaizimitsa." Iwo anangoyang'ana chipewa chawo.

Ndiye ndinawauza mawu atatu, mokweza, chifukwa anali atanditopetsa kuyambira ku Luchenza. Mayi a nyumba iyo ankayanika zovala kuseri kwa mpanda ndipo anawamva. Pofika Lamulungu mawuwo anali atafika kumsika wa Limbe, ndipo lero akuti ali m'mabuku a kusukulu, dzina langa osalembapo.

Tsono iwe mawa ukupita kukadya ndi mtsikana wako uja. Ndakufunsa kuti kwawo n'kuti, amakonda chiyani, akufuna kudzachita chiyani akamaliza maphunziro, ndipo ukundiuza kuti zofunika zonse ukuzidziwa kale. Ndi chifukwa chake ndakuponyera mawu omwe ndinawauza malume ako pakhonde pano: safunsa anadya phula.